Momwe mungayendere ndi kujambula zithunzi m'nkhalango ya Kasungu

Ena amakalamba pa boma la Kasungu osapondako ku Lifupa, kudamu la m'nkhalango ya Kasungu, chonsecho nkhalangoyi ili chakumadzulo kwa tawuni komweku, kukafika kumalire a Zambia. Inakhala paki mu 1970, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 2,300. Imaiposa ndi Nyika yokha.

Yambani ndi kusankha mwezi. Dzinja lisiyeni: udzu umatalika kuposa munthu, misewu nayo imakhala matope okhaokha. Ine ndimakonda kumapeto kwa Ogasiti mpaka Seputembala, pamene mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira ngati katondo asanasanduke obiriwira. Okutobala amawotcha, koma ndi pamene nyama zimaunjikana kumadzi.

Kenako zovala. Musavale zakuda kapena zabuluu, chifukwa akashembe amakopeka nazo, ndipo ena amafalitsa matenda a kaodzera. Ulendo wanga woyamba ndinatchena malaya abuluu kuti ndizioneka bwino pazithunzi. Ndinayenda njira yonse ndikudzimenya makofi kumsana. Valani za khaki, za manja aatali, thalauza ndi nsapato zotseka. M'chikwama muike madzi okwanira ndi pawabanki. Netiweki imavuta, ndiye ikani foni pa airplane mode, apo ayi batire litha likusakasaka.

Mukafika pa geti la Lisitu, lipirani ndipo nenani kuti mukufuna kuyenda wapansi, akuuzeni kopeza msilikali wa zanyama wokuperekezani. Apa palibe zokambirana. Mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, kuwonjezera pa zomwe zinalipo, ndipo njati nazo zilimo. Msilikali akakweza dzanja, imani pomwepo, pakamwa tseke.

Nyamukani mbandakucha. Dzuwa likangotuluka kuwala kumakhala kofewa, koma ikamakwana 10 koloko mithunzi ya mitengo imadula chithunzi kukhala mawangamawanga. Pukutani kagalasi ka kamera kaye, foni zathuzi zimakhala ndi mafuta a mandasi. Zimitsani fulashi ndi kaphokoso kake.

Tsono apa mpamene ambiri amakhumudwa. M'miombo nyama zimabisika, mutha kuyenda maola awiri osaona njovu. Yang'anani pansi. Phazi la njovu pamchenga, lokhala ndi timing'alu ngati nthaka youma, ndi chithunzi chokwanira. Ikani bokosi la machesi pambali kuti woona adziwe kukula kwake. Pali chulu, pali khungwa lomwe njovu yasenda usiku, madzi ake akadali noninoni. Gwadani, foni ifike pafupi ndi nthaka. Pojambula kanjira, mnzanu atsogole pang'ono, mumutenge chakumbuyo kanjirako kakukhota patsogolo pake, dzuwa lili chammbali. Zoom ya foni musaikokere kumapeto, mungopeza chimtambo chotuwa chomwe mudzavutike kulumbira kuti inali mphalapala. Ndipo pofuna malo abwino oimapo, onetsetsani kuti simukutsamira chitedze.

Pa damu la Lifupa khalani pansi mudikire. Mvuu zimatulutsa maso ndi makutu okha, kenako imodzi imayasamula. Foni ikhale yokonzeka kale m'manja, chigongono chili pabondo. Mukaona mvuu ili kumtunda, musaime pakati pa iyo ndi madzi.

M'nkhalangomu mulinso ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo ndi zojambula za pamiyala. Pemphani msilikali akulondolereni. Jambulani, koma musagwire, musathirepo madzi kuti mitundu iwale, ndipo dzina lanu lisalembedwe pamwala.

Ngati mukugona komweko, madzulo kwerani kaphiri ka Black Rock. Fikani dzuwa likadali mmwamba pang'ono, dinani pa sikirini pomwe pali thambo kuti kufiira kwake kusafufutike, ndipo tsikani kusanade.