Momwe mungawerengere matumba a mbatata ndi mndandanda wa Python

Amene mumagula mbatata ya kachewere ku Tsangano kapena ku Ulóngue mumadziwa kuti thumba lililonse limalemera mwakemwake. Mu Python, chilankhulo cha kompyuta chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, manambala onsewo mungawasunge pansi pa dzina limodzi. Chimenecho ndiye mndandanda. Ngati mulibe kompyuta, ikani Pydroid 3, pulogalamu yolembera Python, pa foni ya Android, zonse zili m'munsizi zitheka.

Yambani ndi kulemba makilo a matumba anayi mkati mwa zizindikiro izi [ ], kenaka muwonetse:

kulemera = [50, 48, 52, 47]
print(kulemera)

Thumba lachisanu likabwera, liwonjezeni kumapeto ndi kulemera.append(51). Tsopano len(kulemera), yowerenga kuti matumba alipo angati, ikupatsani 5, sum(kulemera), yophatikiza makilo onse, ikupatsani 248, ndipo sum(kulemera) / len(kulemera) ikupatsani 49.6, kutanthauza makilo a thumba limodzi mukagawa mofanana.

Python imayamba kuwerenga pa 0. Thumba loyamba ndi kulemera[0], lachisanu ndi kulemera[4]. Mukalemba kulemera[5] pulogalamu iima n'kulemba IndexError, chifukwa malo amenewo kulibe. Lomaliza mungalipeze ndi kulemera[-1] popanda kuwerenga kuti alipo angati.

Msampha waukulu kwa ife kuno ndi mpatuliro, uja kusukulu timati vírgula. Tinazolowera kulemba makilo 48 ndi theka ngati 48,5 monga mwa Chipwitikizi. Python ikaona mpatuliro imati apa payamba chinthu china. Taonani:

kulemera = [50, 48,5, 52]

Inu mukuganiza kuti matumba ndi atatu, koma len ikuti 4, ndipo sum ikuti 155 m'malo mwa 150.5. Choopsa n'chakuti palibe uthenga uliwonse wochenjeza. Pulogalamu imangoyenda, inu n'kulipira makilo anayi ndi theka amene kulibe. Lembani 48.5, ndi kadontho. Ndipo mukatha kulemba mndandanda uliwonse, yerekezani len ndi matumba amene mukuwaona pasikelo.

Ngati manambala akulowetsa ndi munthu wina, mutetezeni ku msampha womwewo:

mawu = input("Makilo: ")
kulemera.append(float(mawu.replace(",", ".")))

Apa replace ikusintha mpatuliro kukhala kadontho, float ikusandutsa mawu kukhala nambala. Mukasiya float, input imabweza mawu basi, ndipo sum idzakana ndi TypeError.

Bwererani ku matumba asanu aja. Tiyerekeze kuti kilo imodzi ndi mametikali 30. Kuti muone mtengo wa thumba lililonse, gwiritsani ntchito for, imene imatenga nambala imodzi imodzi mu mndandanda n'kuitcha k:

for k in kulemera:
    print(k * 30)

Mzere wachiwiri ulowe mkati ndi mipata inayi. Mukauyambira m'mphepete mupeza IndentationError.

Pochotsa pali njira ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza. kulemera.remove(48) imafufuza nambala 48 n'kuchotsa yoyamba kuipeza yokha, ena a 48 amatsala. Ikasowa, mupeza ValueError. kulemera.pop(1) imachotsa chimene chili pa malo 1, ndiye kuti thumba lachiwiri. Musachotse zinthu muli mkati mwa for ya mndandanda womwewo, chifukwa zotsala zimasendera kutsogolo ndipo zina zimadumphidwa. Ndi bwino kupanga watsopano: olemera = [k for k in kulemera if k >= 50], umene utenga matumba a makilo 50 kapena kuposerapo okha.

Kusanja kuyambira chopepuka ndi kulemera.sort(), pamzere pakepake. Musalembe kulemera = kulemera.sort(), pakuti sort sibweza kanthu, ndiye dzina lija litsala ndi None, kutanthauza kuti palibe kanthu, makilo onse apita. Mukafuna kuti dongosolo loyamba likhalebe, lembani osanja = sorted(kulemera).

Chomwechonso posunga wina wapadera. Kulemba wina = kulemera sikupanga mndandanda wachiwiri, n'kungopatsa mndandanda umodzi mayina awiri: mukachotsa kuno, ukonso zachoka. Lembani wina = kulemera.copy(), kenaka yesani append pa umodzi, muwonetse yonse iwiri ndi print kuti mutsimikize kuti winawo sunasinthe.