Bowa wofiira wa madontho oyera ku Joni kuno: kumuzindikira ndi zochita wina akadya

Abale anga amene mumagwira ntchito m'magadeni ku Joni kuno, mvula ikagwa mokwanira cha m'ma February mpaka April muzaona bowa akutuluka pansi pa mitengo ya paini ndi ya oak, makamaka m'mayadi akalekale a mitengo ikuluikulu ngati aku Parkview ndi Emmarentia uko. Ndiye mtima umathamangira kumudzi, kukumbuka utale, manyame ndi ndelema wotendera. Chonde gwirani mtima, bowa wa kuno sitikumudziwa.

Amene ndikufuna mumudziwe bwino ndi Amanita muscaria. Kwawo ndi kumpoto kwa dziko lapansi, kuno anabwera ndi mitengo yachilendoyi chifukwa amakhala pamizu yake, nchifukwa chake simungamupeze patali ndi mitengoyo. Chipewa chake ndi chofiira kapena cha olenji, pamwamba pali timadontho toyera tokhala ngati tinamatidwa, kunsi kwa chipewa nkoyera, tsinde loyera lili ndi kansalu kolendewera ngati kasiketi, ndipo mukafukula pansi mupeza tsindelo latupa ngati anyezi. Koma mvula ikamuwomba kwambiri timadontho tija timachoka, kufiira kumasuluka, ndiye musamangodalira madontho ayi. Ali ndi m'bale wake Amanita pantherina, chipewa cha bulawuni madontho oyeranso, poizoni wake ndi yemweyo koma nthawi zambiri amakhala woposa.

Mkati mwake muli muscimol ndi ibotenic acid, zinthu zomwe zimapita ku ubongo. Pakatha mphindi 30 mpaka maola awiri munthu amayamba nseru, mwina kusanza, chizungulire, kuyenda dzandidzandi ngati waledzera koma sanamwe, minofu kumangodumphadumpha yokha, zinthu kuoneka zazikulu kapena zazing'ono, kuyankhula zosamveka, kenako tulo tatikulu toti mumugwedeze bwanji osadzuka, ena amadzuka mwaukali nkugonanso. Ana amatha kukomoka ndi kuphupha. Ndimamva anyamata ena akuti ndi zachilengedwe, ungomva kukoma basi. Ayi achimwene, mphamvu yake imasiyana bowa ndi bowa ngakhale omera pamtengo umodzi, palibe amene angakuyezereni.

Wina akadya, choyamba funsani nthawi yomwe wadya ndipo mulembe mu foni. Imbani 112 pa foni yam'manja kapena 10177 ya ambulansi, palinso nambala ya akatswiri a zapoizoni 0861 555 777 yomwe imayankhidwa usiku ndi usana. Podikira musamukakamize kusanza, musamupatse mkaka, madzi amchere kapena mowa, zimenezo sizichotsa poizoni ndipo munthu woodzera atha kutsamwa nazo. Akagona mugonekeni cham'mbali, bondo lapamwamba mulipinde, mutu muupendeke pang'ono kuti masanzi azituluka, ndipo wina akhale pompo kumayang'ana ngati akupuma bwino. Akayamba kulongolola kapena kuona zinthu osamumanga kapena kumukalipira, zimitsani wailesi, chotsani mipeni ndi mbaula, muzimuyankhula mofatsa ndi dzina lake. Asayendetse galimoto, asatuluke yekha.

Tengani bowa wotsala ndi tsinde lake lonse, mukulunge mu nyuzipepala osati mu jumbo chifukwa mu pulasitiki amaola msanga, jambulaninso chithunzi. Ndiwo zotsala mu poto musataye, ndipo onse amene adya nawo apite kuchipatala ngakhale akuti ali bwinobwino.

Apa ndiye pamene pamandiopsa kwambiri. Pansi pa mitengo ya oak yomweyi pamameranso Amanita phalloides, chipewa chotuwa mobiriwira pang'ono, kunsi koyera, kathumba kutsinde, moti munthu wozolowera ndelema atha kunena kuti ndi yemweyo, pajatu ndelema nayenso ndi wa mtundu wa Amanita. Phalloides ameneyu saledzeretsa, amangokhala chete maola 6 mpaka 24, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba koopsa, mawa lake munthu amaoneka ngati wachira pomwe chiwindi chikuwonongeka. Kuphika, kuyanika, kuthira chidulo, zonsezi sizimuchotsa poizoni. Zoti nkhono kapena tizilombo tikamadya ndiye kuti ndi wabwino ndi bodza lomwe lapha anthu.

Ndikudziwa ambiri timaopa chipatala chifukwa cha mapepala, koma malamulo akulu a dziko lino pa gawo 27 amati munthu asakanizidwe thandizo lachipatala la mwadzidzidzi, ndiye musamubise munthu m'chipinda kudikira kuti kuche. Ndipo ngati pabwalo pomwe mumagwira ntchito pali ana kapena agalu, bowa wotereyu muzimuzula akangotuluka, kumuponya mu bini ya zinyalala, nkusamba m'manja ndi sopo.