Inshulansi ya motorhome ku UK, musamangothamangira yotchipa

Abale amene mwagula motorhome, galimoto yokhala ndi mogona ndi mophikira ija, kuno ku UK, lamulo limangofuna third party, koma imeneyo imalipira yemwe mwamugundayo basi, yanuyo ikapsa kapena kubedwa muziona nokha, ndiye bola comprehensive, imene imalipiranso yanuyo. Musanasaine afunseni a kampani ya inshulansi ngati katundu wamkati, firiji, sitovu, sola ya padenga, zonsezo zili momwemo, komanso excess, ndalama zomwe mumalipirako nokha pakachitika ngozi, ndi zingati chifukwa zotchipazi zimakupwetekerani pamenepo. Nenani zoona za mamailosi omwe mumayenda pachaka ndi komwe imagona, pamsewu kapena mu yadi yotseka, mtengo umasiyana. Ngati mumakhalamo chaka chonse auzeni, akadzatulukira okha atha kukana kulipira. Mukaiimika miyezi yozizira popanda inshulansi, chitani SORN, kulembetsa kuti siikuyenda pamsewu, ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, ndipo muichotse pamsewu.