Zamwano zomwe munalemba pa Facebook kale: momwe mungazisesere musanafunsire ntchito ya chipatala

Wophunzira unamwino ku Mzuni, ku St John's kapena ku Ekwendeni, ngakhalenso dokotala wongochoka kumene ku KUHeS, nthawi zambiri amakhala ndi akaunti ya Facebook yomwe anaitsegula ali Folomu 2. Muli zithunzi za kuchikondwerero cha sukulu, muli za mpira, mulinso mwina mawu omwe lero sangafune kuti matron awawerenge. Kodi zoterezi zingamutsekere munthu njira? Zingathe, koma si zonse. Zina ndi zaubwana basi ndipo palibe angataye nazo nthawi. Zina n'zoti zikhoza kumulanditsa munthu chiphaso. Ntchito yanu ndi kuzisiyanitsa wina asanakusiyanitsireni.

Ntchito ya chipatala imasiyana ndi ntchito zina chifukwa kukhoza mayeso pakokha sikukwanira. Madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant amalembetsedwa ndi Medical Council of Malawi, anamwino ndi azamba ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, a zamankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA). Mabungwewa amalandira madandaulo okhudza khalidwe ndipo ali ndi mphamvu yochenjeza, kuimitsa kapena kufufuta dzina m'kaundula. Abwana akakuchotsani mutha kukafunsira kwina, koma dzina likafufutidwa ku Council ndiye kuti boma, zipatala za mishoni za CHAM ndi makiliniki apulaiveti onse atsekeka nthawi imodzi.

Nkhani ya ku Ohio, ku America, ikuonetsa bwino pomwe pali msampha. Mu 2018 Cleveland Clinic inasiyana ndi dokotala wina wongoyamba kumene zitadziwika kuti kuyambira 2011 ankalemba zonyoza Ayuda pa Twitter, ndipo mu 2012 analemba kuti adzawapatsa dala mankhwala olakwika. Atakafunsira malo kuchipatala china ku California sananene chifukwa chenicheni chomwe anachokera, ndipo nawo atazindikira anamulanda malowo. Mu 2020 bungwe la madokotala la Ohio linamutsekera khomo mpaka kalekale. Taonani zinthu ziwiri pamenepa: mawuwo ankakhudza momwe angasamalire odwala, komanso iye anawonjezera bodza pamwamba pake.

Yambani ndi kuona zomwe anthu ena akuona

Musayambe ndi kufufuta. Tsegulani Chrome pa Incognito, kapena bwerekani foni ya munthu yemwe si mnzanu pa Facebook, mulembe dzina lanu lonse pa Google. Bwerezani ndi dzina la sukulu yomwe munaphunzira, ndi dzina lantchedzera lomwe anzanu ankakuitanirani, ndi nambala za foni zomwe munagwiritsapo ntchito. Onaninso gawo la zithunzi. Lembani papepala akaunti iliyonse yomwe mwaikumbukira, kuphatikizapo ija ya dzina lopeka yomwe munkalimbanira nayo za ndale. Musadzinamize kuti dzina lopeka limabisa munthu. SIM ya TNM kapena Airtel inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, ndipo anzanu a m'kalasi amadziwa kalembedwe kanu.

Kenako tsitsani zonse zomwe munalembapo. Pa Facebook lowani mu Settings, Accounts Centre, Your information and permissions, musankhe Download kapena Export your information, malinga ndi app yomwe muli nayo. Sankhani All time, mtundu wa HTML, ndipo zithunzi muziike pa low quality kuti bandulo isakuthereni panjira. Facebook Lite sikhala ndi zonse, ndiye ndi bwino kugwiritsa ntchito browser. X ndi TikTok nazonso zili ndi njira yopemphera fayilo yotere, ndipo ya X imatha kutenga tsiku kapena kuposa. Fayiloyo musaitsitsire pa kompyuta ya mu library kapena ya ku wodi, chifukwa muli mauthenga anu onse a ku inbox.

Ubwino wa fayilo ndi woti mumasaka mawu m'malo mopukusa chala usiku wonse. Tsegulani gawo la makomenti pa laputopu, dinani Ctrl ndi F, muyambe kulemba mawu otukwana omwe mukudziwa kuti munkawakonda, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Sakaninso maina a mitundu ya anthu, a zipembedzo, ndi mawu monga quota, patient, gadiyani, wodi, HIV, mimba. Nyengo zomwe anthu ankapsa mtima muzione mofatsa: zisankho za May 2019, zionetsero zomwe zinatsatira, chisankho chobwereza cha June 2020, nthawi ya katemera wa Covid-19 mu 2021, ndi zisankho za September 2025. Zambiri zoipa sizikhala pa khoma lanu koma m'makomenti a pansi pa nkhani za ena.

Zisankhuleni molingana ndi kuopsa kwake

Kunyozana kwa Bullets ndi Wanderers, chithunzi muli ndi botolo ku Chiweta kapena ku Chikale, kudandaula za magetsi ndi mafuta, izi zisakudetseni nkhawa. Mukafuna zibiseni, koma palibe komiti ingakhale pansi chifukwa cha zimenezi. Maganizo a ndale onenedwa mwaulemu nawonso si mlandu, ngakhale wogwira ntchito m'boma amayenera kusamala kwambiri pa za zipani.

Zoopsa ndi zonyoza gulu la anthu. Mzuzu Central Hospital imalandira odwala ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma, ndipo mu wodi imodzi mumagona Mtumbuka, Mtonga, Mnkhonde, Mlambya, Mngoni, Myao ndi Mchewa. Namwino yemwe analembapo kuti anthu a chigawo chakuti ndi otere, kaya ankanena za Kumpoto kaya za Kummwera, wapereka chida kwa gadiyani aliyense yemwe angadzakhumudwe naye. Tsiku lomwe wodwala wachedwa kulandira thandizo, achibale sadzanena kuti ma nesi anali ochepa. Adzatulutsa screenshot ija. Chimodzimodzi nthabwala za anthu achialubino, olumala, odwala misala, atsikana otenga mimba ali pasukulu, omwe ali pa ma ARV, kapena za kugwiririra. Amenewa ndi anthu omwe mudzawavule malaya kuti muwapime, ndipo funso la Council limakhala lakuti angakukhulupirireni bwanji.

Zoposa zonse ndi zokhudza odwala, ndipo apa ndi pomwe ophunzira abwinobwino amagwera chifukwa saona ngati ndi mwano. Selfie ya mu labour ward kumbuyo kukuoneka mayi ali pa bedi. Chithunzi cha chilonda chachilendo pa status. Health passport yomwe dzina likuwerengeka m'mphepete. Video ya TikTok mu yunifomu, wodwala akubuula chapatali. Nkhani yoti lero tinalandira bambo wina wa kabaza wa ku Chibavi atachita ngozi ataledzera. Dzina simunatchule, inde, koma Mzuzu ndi yaing'ono, ndipo wa ku Chibavi akawerenga tsiku, ntchito ndi ngozi amudziwa munthuyo nthawi yomweyo. Kuulula za wodwala kumaphwanya malamulo a ntchito ngakhale panalibe cholinga choipa, ndipo ngati ndi zokhudza HIV pali lamulo lakelake, HIV and AIDS Prevention and Management Act, loletsa kuulula momwe munthu alili popanda chilolezo chake. Zotere zichotseni lero lomwe, ndipo muonenso mu Gallery, mu Google Photos ndi m'magulu a kalasi.

Palinso zomwe zimafika kupolisi. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ili ndi milandu ya cyber harassment, offensive communication ndi cyber stalking. Ndime 87, yokhudza kusowetsa munthu mtendere mwadala komanso mobwerezabwereza kudzera pa foni kapena intaneti, chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Ngati munaopsezapo munthu, kapena kufalitsa zithunzi zamaliseche za chibwenzi chakale, imeneyo si nkhani yongosesa. Kaonaneni ndi loya musanachite china chilichonse.

Kufufuta kwake

Pa Facebook gwiritsani ntchito Activity log. Mumatha kusankha chaka, kuchonga mapositi ambiri nthawi imodzi n'kuwatumiza ku Archive kapena ku Trash. Za mu Archive zimangobisika ndipo zikhalabe, pomwe za mu Trash zimafufutika pakatha masiku 30. Anthu ambiri amadina Limit past posts n'kuganiza kuti athana nazo. Batani limeneli limangosintha mapositi a pakhoma panu kuti azioneka kwa anzanu okha. Makomenti omwe munalemba pa page ya nyuzipepala kapena m'gulu lotseguka amakhalabe poyera, ndipo amenewo mufufute paokha kudzera mu gawo la Comments. Chotsaninso ma like ndi ma share pa zinthu zonyoza, muchoke m'magulu omwe dzina lawo lokha ndi lochititsa manyazi, muchotse tag pa zithunzi za ena, kenako muyatse Review tags kuti chilichonse chiziyamba chadutsa kwa inu.

Akaunti yakale yomwe munaiwala password ndi yoopsa kuposa yomwe mukugwiritsa ntchito, makamaka ngati SIM yake inatayika. Nambala ikakhalitsa osagwira ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina, ndipo iye akhoza kulandira code n'kulowa. Yesani facebook.com/login/identify. Mukalowa, tsitsani fayilo kaye, kenako Delete account, osati Deactivate. Mukalowamonso masiku 30 asanathe Facebook imakupatsani mwayi woimitsa kufufutako, ndiye musadine molakwitsa.

Ngati mwafufuta koma Google ikuonetsabe, gwiritsani ntchito tsamba lawo la Refresh outdated content. Limagwira pokhapokha chinthucho chitachokadi pomwe chinali.

WhatsApp ndi nkhani ina. Delete for everyone imagwira kwa masiku pafupifupi awiri okha, ndiye voice note yomwe munatumiza mu gulu la kalasi chaka chatha ili m'mafoni a anthu onse aja. Madzi akatayika saoleka. Chomwe chatsala ndi kukonza ubale ndi omwe munawalakwira.

Kupepesa ndi kuyankha mafomu

Ngati munanyoza munthu wodziwika, mnzanu wa m'kalasi kapena mphunzitsi, mulembereni iye yekha. Nenani chomwe munalemba, vomerani kuti chinali cholakwa, muuzeni kuti mwachichotsa, ndipo musawonjezere zakuti nayenso anayamba ndi iye. Kupepesa poyera kusungireni nkhani yomwe ili kale poyera. Kuika positi yaitali yopepesa chinthu chomwe aliyense anaiwala kumangotuma anthu kukachisaka. Bodza loti akaunti yanga anaibera musaliyese n'komwe ngati sizinachitike, chifukwa masiku ndi kalembedwe zimakutsutsani, ndipo mlandu umasintha kuchoka pa mwano wa mwana wa zaka 17 kukhala chinyengo cha munthu wamkulu wofuna kupatsidwa makiyi a kabati ya pethidine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu.

Pa fomu, werengani funso momwe lalembedwera. Kawirikawiri amafunsa ngati munapezekapo wolakwa kukhoti, ngati munafufuzidwapo kapena kulangidwa ndi sukulu, abwana kapena Council, komanso ngati munachotsedwapo ntchito. Positi yomwe sinakufikitseni pamaso pa komiti iliyonse simukuyenera kuiulula nokha pa mafunso otere. Koma ngati koleji inakuimitsani chifukwa cha iyo, yankho ndi inde, ngakhale zinachitika chaka choyamba. Omwe amakulemberani reference ndi aphunzitsi omwewo, ndipo akunena zawo. Konzeranitu ziganizo zinayi kapena zisanu zoti mudzanene pa intavyu: chinachitika n'chiyani, munali ndi zaka zingati, munachitapo chiyani, ndipo ndani angachitire umboni za khalidwe lanu kuyambira pamenepo. Kalata ya nesi in charge yemwe munagwira naye miyezi ingapo imalemera kuposa kulumbira kwanu.

Ofuna kupita kunja asamale kawiri. GMC, bungwe lolembetsa madokotala ku UK, imafuna Certificate of Good Standing, kalata yonena za mbiri yanu pa ntchito, yochokera ku bungwe lililonse lomwe munalembetsako m'zaka zisanu zapitazo, ndipo kalatayo imagwira miyezi itatu yokha, ndiye chilango cha kuno chimakutsatani. Fomu ya visa ya America, DS-160, kuyambira 2019 imafunsa maina a maakaunti omwe mwagwiritsa ntchito m'zaka zisanu, ndipo akaunti yomwe mwaifufuta mwezi watha ili m'gulu lomwelo. Kuyambira June 2025 ofunsira visa za F, M ndi J, zomwe ndi za ophunzira komanso madokotala opita kukaphunzira ntchito, amauzidwa kuti maakaunti awo akhale otseguka. Choncho kusesa kuchitike miyezi ingapo musanayambe mapepala.

Ngati kalata yafika kale

Apa malangizo asintha. Dandaulo likangolowa ku koleji, kwa hospital ombudsman (wolandira madandaulo pachipatala), kwa abwana kapena ku Council, musafufutenso kanthu. Iwo ali kale ndi screenshot, ndipo kufufuta panthawiyi kumaoneka ngati kubisa umboni. Mutha kungosintha kuti positi izioneka kwa inu nokha, n'kunena poyankha kuti mwatero. Wodandaulayo musamuimbire, musamutumire achibale, ndipo nkhaniyo musaiike pa status. Onani tsiku lomaliza kuyankha, pemphani mwa kalata kuti akupatseni zonse zomwe akukunenerani, kuphatikizapo ma screenshot athunthu oonetsa tsiku ndi zomwe zinanenedwa m'mwamba mwake, chifukwa chithunzi chodulidwa chimasintha tanthauzo.

Pofuna thandizo, anamwino ndi azamba apite ku bungwe lowaimira la NONM, madokotala ku Society of Medical Doctors, ma clinical officer ku bungwe lawo la PAUM, ndipo wopanda ndalama ya loya ayese ofesi ya Legal Aid Bureau ya mu Mzuzu momuno. Ndime 57 ya Employment Act ya 2000 imaletsa kuchotsa munthu ntchito pa nkhani ya khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo ndime 43 ya malamulo aakulu a dziko imakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa za chigamulo mwa kalata. Yankho lanu likhale lolembedwa, lokhala ndi tsiku, ndipo pokapereka musaiwale kudinditsa kope lanu kuti alandira.