Kusamalira motorhome: kulemera, chinyezi, magetsi ndi zimene zimawonongeka ikangoima

Anthu ambiri akamagula motorhome amathamangira kuona makilomita amene yayenda. Pa galimoto wamba zimenezo n'zomveka, koma iyi ndi nyumba yokwezedwa pamatayala, ndipo miyezi yambiri pachaka imakhala itaima. Injini za dizilo za Fiat Ducato, Peugeot Boxer, Ford Transit kapena Mercedes Sprinter zinapangidwira ntchito yonyamula katundu tsiku ndi tsiku, motero sizitopa msanga. Chimene chimayamba kufooka ndi nyumbayo, mabatire ndi matayala. Motorhome ya zaka 10 yoyenda makilomita ochepa ikhoza kukhala yowola m'kati pamene injini ikulira bwinobwino.

Yambani ndi sikelo

Pansi pa boneti kapena pafelemu ya chitseko pamakhala kachitsulo kolembedwa manambala anayi. Yoyamba ndi malire a kulemera kwa galimoto yonse itanyamula chilichonse. Yachiwiri ndi ya galimoto pamodzi ndi ngolo yokoka. Zolembedwa 1 ndi 2 ndi malire a ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo. Ngati kampani imene inamanga nyumbayo inaikapo kachitsulo kena, tsatirani kameneko. Ku Ulaya ma motorhome ambiri amalekeza pa makilogalamu 3,500 chifukwa laisensi ya gulu B imathera pomwepo, ndipo yolemera kuposa apo mpaka 7,500 imafuna C1.

Mpata wa katundu umatha mwachangu kuposa mmene mungaganizire. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 100 ikadzaza mwanyamula kale makilogalamu 100. Batire yachiwiri, ya m'nyumba, ya mtundu wa lead-acid ya 100 Ah (muyezo wa mphamvu imene batire imasunga) imalemera makilogalamu pafupifupi 25. Onjezanipo masilinda a gasi, mipando, zovala, ziwiya ndi anthu okwera. Longedzani monga mmene mumachitira paulendo weniweni, pitani pasikelo yoyezera magalimoto akuluakulu, yezani galimoto yonse, kenako ekiselo iliyonse payokha.

Ekiselo yakumbuyo ndiyo imapusitsa. Katundu amene ali kuseri kwa matayala akumbuyo amalemera kuposa mmene alili, monga momwe mwana wokhala kunsonga kwa thabwa amanyamulira mnzake. Tiyerekeze kuti pakati pa ma ekiselo pali mamita 4, ndipo mwapachika njinga zolemera makilogalamu 60 pa mita 1.5 kuseri kwa ekiselo yakumbuyo. Chulukitsani 60 ndi 5.5 (4 kuphatikiza 1.5), gawani ndi 4: ekiselo yakumbuyo yasenza makilogalamu 82.5, pamene yakutsogolo yapepuka ndi 22.5. Popeza magalimoto ambiri amtunduwu amakoka ndi matayala akutsogolo, kupepuka kumeneku n'kumene kumachititsa kuti matayala azingozungulira pa udzu wonyowa. Zolemera ziikeni pansi, pakati pa ma ekiselo. Makabati am'mwamba asiyireni zovala.

Chinyezi

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa ndalama zambiri zokonzetsera zimathera pano. Khoma la motorhome ndi lopangidwa mosanjikiza: kunja aluminiyamu kapena fibreglass, pakati chotchinga kutentha, m'kati thabwa lopyapyala, ndipo mu ma motorhome ambiri akale felemu yake ndi yamatabwa. Madzi akalowa pakati pamenepo sapeza potulukira. Amalowera pamene pali ponse poboola kapena polumikiza: mazenera apadenga, mazenera am'mbali, njanji ya chinsalu chamthunzi, polowera waya wa sola, magetsi akumbuyo, ndi pamene nyumbayo yakumana ndi mbali ya dalaivala. Galimoto ikamayenda thupi lake limapindika pang'onopang'ono, dzuwa nalo limaumitsa zomatira, kenako pamabwera kamng'alu kochepa ngati tsitsi.

Madziwo kawirikawiri saonekera pamene alowera. Amatha kulowa padenga n'kukatulukira pansi pa bedi. N'chifukwa chake mphuno ndi zala zimathandiza kuposa maso. Tsegulani makabati onse am'mwamba, nunkhizani, dinani khoma ndi chala m'makona. Khoma labwino limakhala lolimba; lowola limabonyoka ngati katoni yonyowa. Onaninso timatuza papepala lakukhoma, masikuluwu a dzimbiri, madontho akuda m'mphepete mwa zenera, ndi pansi pamene pakunesa mukaponda. Mukalowa mu motorhome yogulitsa n'kupeza fungo lamphamvu la mafuta onunkhira, mazenera onse ali pululu, funsani chifukwa chake.

Kamakina koyezera chinyezi n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kumanganso khoma. Kakawerenga pansi pa 15 peresenti, palibe vuto. Pakati pa 15 ndi 20, lembani malowo ndipo muyezenso pakapita miyezi itatu. Kupitirira 20, fufuzani polowera madzi. Kukafika 30, matabwa ayamba kale kuwonongeka. Musayeze pafupi kwambiri ndi chitsulo kapena m'mawa anthu atangodzuka, chifukwa manambala amakwera popanda kudontha kulikonse. Makampani ambiri amafunanso kuti galimoto iziyezedwa chinyezi chaka chilichonse kuti chitsimikizo chawo chisathe, ndipo mukadumpha chaka chimodzi akhoza kukana kukonza.

Pokonza podontha, kupaka zomatira zatsopano pamwamba pa zakale n'kungodzinamiza. Masulani zeneralo, palani zakale zonse ndi chopalira chapulasitiki kuti musakande penti, pukutani ndi isopropyl alcohol, dikirani paume. Ikani tepi ya butyl kapena zomatira zosauma pansi pa felemu, bwezerani zenera, mangani masikuluwu mosinthanasinthana mbali mpaka zomatirazo zitatuluka pang'ono kuzungulira konse. Zomatira zolimba monga Sikaflex n'zabwino pa zinthu zimene simudzazichotsanso, mwachitsanzo miyendo ya sola. Silicone yakubafa musaiyandikitse padenga: imamatuka m'mphepete, ndipo pamene yakhudza palibenso chimene chimagwira bwino. Potsuka, musaloze makina opopera madzi mwamphamvu pamalumikizidwe.

Si kunyowa konse kumene kumachokera kunja. Mpweya wa anthu ogona, kuphika ndi kusamba zimasiya madzi pamazenera ndi pansi pa matiresi. Siyani zenera lapadenga lotsegula pang'ono usiku, ndipo m'mawa imikani matiresi kuti apitidwe mphepo.

Mabatire ndi magetsi

Mabatire alipo awiri: ya injini, ndi ya m'nyumba imene imayendetsa nyali, pampu ya madzi ndi fani ya hita. Ya m'nyumba ikakhala ya lead-acid kapena AGM, musaitsitse kupitirira theka. Ya 100 Ah imakupatsani 50 Ah basi. Iyezeni itapuma maola angapo popanda kutchaja kapena kuyatsa kanthu: 12.7 V ndi yodzaza, 12.2 V ndi theka, 12.0 V yatsika kwambiri. Ikakhala yotsika kwa milungu, m'kati mwake mumapangika timiyala ta sulphate ndipo siidzazanso ngati kale. Ya lithium ya mtundu wa LiFePO4 mutha kuigwiritsa ntchito mpaka 80 peresenti kapena kuposa, n'njopepuka, koma siyenera kutchajidwa kuzizira kukafika pansi pa 0 °C. Mavoti ake sasintha kwenikweni mpaka itatsala pang'ono kutha, motero imafuna shunt yowerengera mphamvu imene yalowa ndi kutuluka. Magalimoto ambiri otsatira lamulo la utsi la ku Ulaya la Euro 6 ali ndi alternator (makina otchaja batire injini ikamalira) imene imadzitsitsa mphamvu yokha, choncho pamafunika chaja ya DC-DC kuti batire ya m'nyumba idzaze poyenda.

Sola ya mawati 100 imapereka ma amp 5 kapena 6 dzuwa likakhala paliwombo. Yerekezani ndi ketulo ya mawati 2,000 yolumikizidwa ku inverter (chosinthira magetsi a batire kukhala a 230 V): ketuloyo imakoka ma amp opitirira 170 kubatire. Madzi wiritsani pagasi. Waya aliyense wochokera kubatire akhale ndi fyuzi pafupi penipeni ndi batireyo, chifukwa fyuzi imateteza waya kuti asapse.

Pamalo ogona pamene pali magetsi, funsani ma amp ake. Pa 230 V, ma amp 10 ndi mawati 2,300, ndipo 6 ndi 1,380 okha. Hita ndi ketulo zikayakira limodzi, magetsi amathima. Tambasulani chingwe chonse, chifukwa chokulungidwa chimatentha mpaka kusungunuka. Lumikizani kugalimoto kaye kenako kumtengo wa magetsi, ndipo pochoka yambani kuzula kumtengoko, kuti musayende ndi chingwe chamoyo m'manja.

Gasi

Butane imaleka kusanduka mpweya kuzizira kukayandikira 0 °C, pamene propane imagwira ntchito mpaka cha m'ma -40 °C. Silinda ikamamveka kuti muli gasi koma chitofu chikukana m'mawa wozizira, nthawi zambiri ndi butane. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, n'chifukwa chake pansi pa kabati ya masilinda pali mabowo. Musawatseke ndi nsanza kapena katundu. Mukasintha silinda, pakani thovu la sopo polumikiza ndipo muone ngati pakutuluka timabaluni. Mapaipi a labala amalembedwa chaka chimene anapangidwa. Asintheni akakwana zaka 5 kapena akangoonetsa ming'alu.

Lawi labwino ndi la buluu. Lachikasu losiya mwaye likusonyeza kuti gasi sakupsa bwino, ndipo pamenepo pamatuluka carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Ikani alamu yake, yesani batani lake musananyamuke, ndipo musawothe chitofu chophikira. Pothira mafuta ndi pokwera sitima yapamadzi, tsekani gasi pasilinda.

Firiji yoyendera gasi, 230 V ndi 12 V imafuna galimoto yoima mowongoka, apo ayi madzi ake a ammonia sazungulira ndipo siizizira. Pa 12 V imadya ma amp 10 kapena kuposa, motero njira imeneyo ndi ya pamene injini ikulira. Firijiyo iyatseni pagasi kapena pa 230 V usiku woti mawa munyamuka.

Madzi ndi chimbudzi

Khalani ndi paipi yakeyake ya madzi akumwa, ndipo isakhudzane ndi mpope wotsukira chimbudzi. Pampu ikamalira yokha usiku mipope yonse ili yotseka, penapake pakudontha. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, zokwanira kung'amba mpope kapena boila. Nyengo yozizira isanafike, zimitsani pampu, tsegulani mavavu a mathanki onse ndi a boila, siyani mipope yotsegula pakatikati pa madzi otentha ndi ozizira, ndipo gwetsani paipi ya shawa pansi kuti ikhe. Boila ya Truma Combi imasunga malita 10, ndipo vavu yake ya FrostControl imatseguka yokha pa 3 °C. Ambiri amadabwa kupeza chithaphwi pansi pa galimoto n'kuganiza kuti china chaphulika.

Chimbudzi cha kaseti (thanki yochotseka yosungira zonyansa) chikhuthuleni chisanadzaze, pamalo okhawo ovomerezeka. Pokhuthula, lozetsani paipi pansi kenako dinani batani lolowetsa mpweya, kuti zisakuthovukireni. Labala wa pachitseko chake mupakeni silicone spray, osati Vaseline, amene amamufufumitsa. Mukakwera mapiri, tsegulani chitsekocho koyamba chivundikiro chili chotseka, chifukwa m'kasetimo mumakhala mpweya wopanikizika.

Matayala ndi kuimika nthawi yaitali

Matayala a motorhome amakalamba mapante asanathe. M'mbali mwa tayala, pambuyo pa mawu akuti DOT, pali manambala anayi: 2319 akutanthauza mlungu wa 23 m'chaka cha 2019. Akakwana zaka 5 yambani kukonzekera ena, ndipo asapitirire 7. Olembedwa CP anapangidwira kusenza katundu ataima, ndipo akumbuyo amatha kupopedwa mpaka 5.5 bar, zimene zimafuna mavavu achitsulo. Yezani mpweya matayala ali ozizira. Timing belt ndi mafuta a mabuleki nazonso zimayendera zaka: beluti motsatira buku la galimotoyo ngakhale makilomita asanakwane, mafuta a mabuleki zaka 2 zilizonse.

Poimika kwa miyezi, ikani mugiya, tchingani matayala, masulani handibuleki kuti mabuleki asagwirane ndi dzimbiri. Siyani chitseko cha firiji chotsegula, chotsani chakudya chonse chifukwa makoswe akalowa amatafunanso mawaya. Kuliza injini mphindi 10 pamalo amodzi kumangodzaza mwaye mu DPF, sefa ya utsi wa dizilo. Kamodzi pamwezi iyendetseni theka la ola pamsewu waukulu mpaka itatentha bwino.

Pamsewu

Yezani nokha kutalika kwa galimoto kuchokera pansi mpaka pa chinthu chapamwamba kwambiri padenga, ndi m'lifupi mwake pamodzi ndi magalasi, n'kumata manambalawo pafupi ndi chiwongolero. Ma motorhome ambiri amafika mamita 3 m'mwamba, ndipo pakhomo pa mlatho waufupi si poyambira kuganiza. Pokhota kumbukirani kuti kumbuyo kumakankhira mbali ina, makamaka pochoka pafupi ndi pampu ya mafuta kapena chipilala. Pamtsetse wautali tsikani ndi giya imene mukanakwerera, pondani mabuleki mwamphamvu kwakanthawi n'kusiya, osangowakhudza njira yonse, chifukwa akatentha amaleka kugwira. Pobwerera m'mbuyo, wokuthandizani aime pamene mukumuona pagalasi, ndipo akangosowa imani.

Musanalize injini m'mawa, zungulirani galimoto kamodzi: chingwe cha magetsi chazulidwa, sitepe yalowa, mazenera apadenga atsekedwa, zokwezera matayala zachotsedwa, gasi watsekedwa, chitseko cha firiji chakhomedwa. Zenera lapadenga loiwalika likhoza kuthyoka ndi mphepo galimoto ikayamba kuthamanga.