Momwe mungaunikire timu ya mpira wa ku Canada sizoni ikafika pakati

Ligi ya mpira wa ku Canada, CFL, ili ndi matimu 9, anayi m'chigawo cha kum'mawa ndipo asanu m'chigawo cha kumadzulo. Timu iliyonse imasewera masewero 18 kuyambira mu Juni, ndipo chikho cha Grey Cup chimalimbiranidwa mu Novembala. Uwu ndi mpira wautali uja, wonyamula m'manja ndi kuponyerana, wa osewera 12 mbali iliyonse. Pofika mu Ogasiti matimu amakhala atasewera pafupifupi theka la masewero awo, ndipo masapota amayamba kuweruza. Ambiri amangoyang'ana m'ndandanda wa matimu basi, ndiye pamene amaphonyera.

1. Yambani ndi m'ndandanda, koma musaukhulupirire kwambiri

Kupambana kumapatsa mapointi 2, kufanana mphamvu pointi imodzi. Lembani pamene timu yanu ili, kenako funsani: yagonjetsa ndani? Kupambana kasanu pa matimu a pansi sikufanana ndi kupambana kanayi pa matimu a pamwamba. Onaninso mapointi onse amene yagoletsa ndi amene yagoletsedwa. Timu yomwe imangoluza ndi mapointi awiri kapena atatu nthawi zambiri imakhala yabwino kuposa momwe m'ndandanda ukunenera.

Mu 2011, BC Lions inagonja masewero asanu oyambirira motsatizana. Inamaliza itapambana 11 n'kugonja 7, ndipo inatenga Grey Cup pakhomo pake ku Vancouver pogonjetsa Winnipeg Blue Bombers 34-23. Winnipeg yomweyo chaka chimenecho inayamba mwamoto, kupambana 7 pa masewero 8, koma pa masewero 10 otsalawo inangopambana atatu. Mu 2024 zinatembenuka: Winnipeg inali itapambana awiri okha pa masewero 8, koma inamaliza pamwamba kumadzulo.

2. Tsatirani down yoyamba ndi yachiwiri

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ku America timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti iyende mayadi 10 ndi mpira (mwayi uliwonse umatchedwa down), koma ku Canada ndi katatu kokha, ndipo kachitatuko kawirikawiri timu imangoukankhira mpira kutali kwa adani. Choncho mwayi weniweni ndi uwiri basi.

Tengani pepala, onerani sewero limodzi lonse, ndipo muzilemba mayadi amene timu yapeza pa down yoyamba iliyonse. Ikapeza 6 kapena 7, pa down yachiwiri mphunzitsi ali ndi ufulu: angathamangitse mpira, angauponyetse, otseka kumbuyo a adani sadziwa choti ayembekezere. Ikapeza awiri okha, bwalo lonse limadziwa kuti quarterback, wosewera wotsogolera kuukira, aponya, ndipo adani amamuthamangira ngati agalu aona kalulu. Werengani kuti ndi kangati timu yatuluka m'bwalo itangosewera ma down awiri osapeza mayadi 10. Zikachuluka, otseka kumbuyo ake amatopa chifukwa sapuma, ndipo mudzaona akugoletsedwa kumapeto kwa sewero ngakhale kuti vuto silinayambire kwa iwo. Ine ndikaona timu yoyenda bwino pa down yoyamba sindida nkhawa nayo, ngakhale ikhale pansi.

3. Werengani mipira yotayika

Yerekezani mipira imene timu yalanda ndi imene yalandidwa. Toronto Argonauts mu 2023 inapambana masewero 16 pa 18, koma mu ndime yotsiriza ya kum'mawa quarterback wake Chad Kelly anaponyera adani mpira kanayi, iwiri mwa mipira imeneyo adani anathamanga nayo mpaka touchdown (kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo n'kugoletsa), ndipo Montreal Alouettes inapambana 38-17. Chenjezo ndi lakuti nambala imeneyi imasinthasintha. Timu imene ikupambana chifukwa chongotola mipira yogwa m'manja mwa adani ikudalira mwayi, ndipo mwayi sukhalitsa mpaka Novembala.

4. Musaiwale okankha ndi obweza mpira

Bwalo la ku Canada ndi lotambalala mayadi 65, ndipo chifukwa cha ma down atatu aja mpira umakankhidwa pafupipafupi. Onani malo amene timu yanu imayambira kuukira poyerekeza ndi adani ake. Onaninso ngati ikafika pafupi imagoletsa touchdown ya mapointi 6 kapena imangokhutira ndi field goal (kukankha mpira kudutsa pakati pa mitengo ya golo) ya mapointi 3.

5. Fufuzani ovulala, makamaka a ku Canada enieni

Malamulo a ligi amafuna kuti mwa osewera oyamba, osachepera 7 akhale a ku Canada. Mmodzi wa iwo akavulala, mphunzitsi sangangoikapo wa ku America aliyense. Nthawi zina amakakamizika kusintha malo ena awiri kuti chiwerengero chikwane. N'chifukwa chake kuvulala kwa wosewera wa pamzere wakutsogolo, amene dzina lake silitchulidwa kawirikawiri, kumatha kusokoneza timu yonse. Onani amene ali pa m'ndandanda wa ovulala oyembekezeka kuphonya masewero 6 ndi nthawi imene abwerere.

Ndipo quarterback wachiwiri ndi ndani? Funso limeneli musalidumphe. Mu 2024 Kelly anathyoka mwendo sabata imodzi Grey Cup isanachitike, Nick Arbuckle analowa m'malo mwake, Toronto n'kugonjetsa Winnipeg 41-24. Kumbukiraninso kuti matimu a NFL, ligi ya ku America, amachepetsa osewera kumapeto kwa Ogasiti, ndipo ena mwa otsalawo amalowera ku Canada mu Seputembala.

6. Yang'anani njira imene yatsala

Matimu 6 pa 9 ndi amene amalowa mu chipulula, atatu chigawo chilichonse. Timu yachinayi m'chigawo chimodzi ikaposa mapointi timu yachitatu ya chigawo china, imawoloka n'kutenga malo ake, choncho muziyang'ana mbali zonse ziwiri. Khomo ndi lotseguka ndithu: Ottawa Redblacks mu 2016 inapambana 8 okha, kugonja 9 ndi kufanana mphamvu kamodzi, koma inalanda chikho pamaso pa Calgary Stampeders yomwe inali itangogonja kawiri.

Werengani masewero otsala a pakhomo ndi a koyenda, ndi angati amene ali olimbana ndi matimu a chigawo chomwecho. Kenako dikirani sabata ya Labour Day, tchuthi cha anthu ogwira ntchito cha kumayambiriro kwa Seputembala, pamene Saskatchewan imalandira Winnipeg ku Regina, Calgary imalandira Edmonton, ndipo Hamilton imalandira Toronto. Anthu a kumeneko amati sizoni yeniyeni imayambira pamenepo. Kuchokera apo kuzizira ndi mphepo zimayamba kukula, kuponya mpira patali kumavuta, ndiye pa masewero amenewa onetsetsani ngati timu yanu ikutha kuthamangitsa mpira pansi pamene adani akudziwa kale kuti ichita zimenezo.