Kayambidwe ka Street Fighter kwa amene anazolowera mpira wokha

Ngati muli ndi PS4, Xbox One, Switch kapena kompyuta, ndipo mpira wa tsiku ndi tsiku wakukwanani, funani magemu a ndewu a Street Fighter 30th Anniversary Collection. Kampani ya Capcom ya ku Japan idaitulutsa mu Meyi 2018 pokumbukira zaka 30 za gemuyi, ndipo muli magemu 12, onse monga momwe ankaonekera m'makina oponya ndalama aja. Ine ndimaseweretsa anthu m'kashedi kanga pano pa Nchalo, ndipo a ku nzimbe akalandira, benchi imachepa.

Yoyambirira ya 1987 ingoionani kamodzi n'kuisiya, n'njouma ndipo imagwetsa ulesi. Yambani ndi Street Fighter II: Hyper Fighting ya 1992. Omenyana alipo 12 okha, malamulo ndi ochepa, komanso ndi imodzi mwa magemu anayi omwe ali ndi Training, kumene mumamenya munthu wongoima popanda wokusekani.

Mabatani ndi 6: zibakera zitatu ndi mateche atatu, chaching'ono, chapakati ndi chachikulu. Pa padi ya PS4 ine chibakera chachikulu ndimachiika pa R1, theche lalikulu pa R2. Zazikuluzi zimapweteka koma zimachedwa kubwerera, ndiye mukaphonya mwadzipereka nokha.

Musanathamangire moto uja aliyense amaufuna, phunzirani kutchinga. Batani lake palibe. Mumangokankhira kumbuyo, kutali ndi mdani. Akamasesa miyendo, gwirani pansi chakumbuyo. Akakudumphirani, tchingani mutaimirira, chifukwa wowerama amalandira theche la pamutu. Anyamata ambiri pano amafika n'kumangobwanyula mabatani onse, maso ali gwaa, ndipo kamwana ka sitandade 6 kodziwa kutchinga kamawatha osatuluka thukuta. Kudumphadumpha nakonso chepetsani, achimwene. Muli m'mwamba simungatchinge mu gemu imeneyi.

Tsopano sankhani Ryu kapena Ken. Hadouken, moto uja wotuluka m'manja, ndi kukankhira pansi, pansi chakutsogolo, kutsogolo, kenaka chibakera. Musadinde katatu padera. Chala chachikulu chitsetsereke kamodzi monga mmene mumakombera ndiwo m'mbale, ndipo chibakera chibwere pomwe chala chafika kutsogolo, osati pambuyo pake. Dziwaninso kuti kutsogolo ndi kumene kuli mdani, choncho akakudumphani n'kukhala mbali inayo, zonse zatembenuka. Yeserani mbali zonse ziwiri. Ndaona anthu oopsa kumanzere amene akawaika kumanja amasanduka alendo.

Shoryuken, chibakera chokwera chija, ndi kutsogolo, pansi, pansi chakutsogolo, chibakera. Ntchito yake n'kugwetsa wodumpha. Ikamakuvutani, weramani n'kumenya chibakera chachikulu, imagwira ntchito yomweyo ngakhale ilibe ulemerero. Zala zikamasuka, yesani theche lapakati mutawerama n'kulumikiza Hadouken nthawi yomweyo.

Ena zotsetsereka zimawakanika basi. Amenewo atenge Guile: gwirani kumbuyo pafupifupi masekondi awiri, kenaka kutsogolo ndi chibakera, Sonic Boom yatuluka. Pansi masekondi awiri, m'mwamba ndi theche, ndiye Flash Kick. Ubwino wake, mukagwira pansi chakumbuyo mukutchinga kwinaku mukukonzekera zonse ziwiri. Zangief musiyeni kaye, kugwira kwake kotchuka kumafuna kuzunguliza padi yonse.

Super Turbo ya 1994 ndi yokoma mukamamenyana anthu awiri, koma kompyuta yake ndi yankhanza, musadziyese nayo mphamvu. Muli womenya wobisika dzina lake Akuma amene m'mipikisano amamuletsa, ndipo pa ine pano nayenso saloledwa. 3rd Strike ya 1999, mmene mumakankhira kutsogolo pa nthawi yeniyeni kuti mubweze chibakera cha mnzanu, idzakupezani patsogolo.

Za kusewera pa intaneti sindilimbikitsa. Gemu ya ndewu imafuna kuti chimene wadinda chioneke pompo, ndipo netiweki ya foni ikangogwedera pang'ono Shoryuken yapita, bandulo nayo yapita. Itanani mnzanu, mukhale benchi imodzi. Lamulo langa ndi lakuti wopambana akhale, woluza apereke padi, koma ukapambana katatu motsatizana nawenso udzuke, apo ayi ongoyamba kumene sabweranso. Ngati TV yanu ili ndi Game Mode, yomwe imachepetsa kuchedwa kwa chithunzi, yatsani.

Chotsala ndi dzuwa lathuli. Mu Okutobala ndi Novembala, pansi pa malata masana, PS4 imalira ngati ikufuna kuuluka. Isakhale pansi kapena m'kabati. Ikani pa shelefu, kumbuyo kwake kukhale mpata, fani iziipemerera, ndipo fumbi la m'timabowo muzichotsa ndi kaburashi kouma. Magetsi akazima zulani pulagi kukhoma, mudzabwezere atakhazikika. Pambali pa padi iliyonse pazikhala kansalu kopukutira m'manja, ndipo wodya tchipisi akasambe kaye asanagwire.